Mmene Mungasankhire Limodzi Dzina la Mwana Amene Mukumuyembekezera

Mabanja ambiri amakonzekera bwino kubwera kwa mwana: matewera, beseni, zitenje, bulangete, ngakhale ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala usiku. Koma nkhani ya dzina amangoikankhira kutsogolo, mwina polemekeza mwambo wosatchula mwana amene sanabadwe, mwinanso chifukwa aliyense mwa awiriwo ali ndi dzina lake mumtima ndipo akuganiza kuti mnzake sadzalikana. Vuto limaonekera ku wodi ya amayi ochira, pamene fomu yolembetsera kubadwa kwa mwana yafika ndipo funso lafunsidwa loti, "Mwanayu dzina lake ndani?" Mayi amayang'ana wowadikirira, wowadikirirayo amaimbira foni bambo, bambo amati ayambe afunsa kumudzi, ndipo mapeto ake pamalembedwa dzina lachangu limene wina m'banjamo adzakhala akulidandaula kwa zaka zambiri.

Zida zothandizira ntchitoyi zilipo, za pafoni ndi za papepala zomwe, ndipo phindu lake lalikulu ndi limodzi: zimapatsa aliyense mpata wonena zimene akufuna mnzake asanamukope kapena kumutseka pakamwa. Malangizo ali m'munsiwa akusonyeza mmene mungazigwiritsire ntchito kuyambira pokambirana koyamba mpaka dzina litalembedwa pa chiphaso cha kubadwa.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope limodzi losungiramo zimene mwagwirizana, mapepala anayi apadera ndi zolembera ziwiri.
- Foni yokhala ndi WhatsApp, makamaka ngati mmodzi wa inu ali kutali.
- Ngati mukufuna, pulogalamu ya pafoni yofananitsira mayina monga Kinder kapena BabyName, ndi bandulo yokwanira kuitsitsa pa mafoni onse awiri.
- Malo olembapo nonse awiri pa intaneti, monga Google Keep kapena Google Sheets, kwa amene simukhala nyumba imodzi.
- Kopezako mayina ndi matanthauzo ake: mtanthauziramawu wa Chichewa, Baibulo, kalendala ya oyera mtima kwa Akatolika, shehe wa kumzikiti kwanu kwa Asilamu, ndi tsamba la Behind the Name, limene lili ndi gawo la mayina a Chichewa.
- Mayina a agogo, azakhali, amalume ndi ana onse a abale anu a mbali zonse ziwiri, olembedwa pamodzi.
- Nthawi. Yambani mimba ili ndi miyezi 6 kapena 7 kuti pofika mwezi wa 8 mukhale mutatsiriza, popeza ana ena amabadwa masiku asanakwane.

1. Dziwani kaye amene ali ndi ufulu wotcha dzina

Apa ndi pamene anthu ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. M'mabanja ambiri kuno kwathu makolo a mwana si okhawo amene amatcha dzina. Kwina mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, wachiwiri ndi akuchikazi. Kwina agogo kapena azakhali ndi amene amadikiridwa kuti atche dzina mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa. Ndipo kwa Asilamu ambiri dzina limaperekedwa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Miyambo imeneyi imasiyana mtundu ndi mtundu, ndipo ngakhale mabanja awiri a mudzi umodzi amatha kuchita mosiyana, choncho musaganize kuti zimene zimachitika kwanu ndi zimenenso zimachitika kwa apongozi anu. Taganizirani za mwamuna wa ku Rumphi amene wakwatira mkazi wa ku Dowa ndipo akukhala ku Lilongwe: akuchimuna, amene kwawo mwana ndi wa kwa bambo, angaone kuti dzina liyenera kuchokera kwa iwo, pamene akuchikazi, amene kwawo amalume ndi mwini mbumba, angadabwe kumva kuti palibe amene anawafunsa. Onsewo sakulakwa, akungotsata za kwawo.

Khalani pansi awirinu, mufunsane funso limodzi lokha tsiku limenelo: kwanu amatcha dzina ndani, nanga ana a abale anu anatchedwa ndi yani? Mukamva mayankho, sankhani imodzi mwa njira zitatu izi ndi kuilemba m'kope. Njira yoyamba ndi yoti mayina onse musankhe nokha, akuluakulu mungowadziwitsa. Yachiwiri ndi yoti dzina loyamba likhale lanu, lapakati liperekedwe ndi akuluakulu. Yachitatu ndi yoti inu mupereke mayina atatu amene nonse mwawakonda, ndipo akuluakulu asankhepo limodzi. Kwa mabanja ambiri a m'tauni njira yachiwiri ndi imene imasunga mtendere, chifukwa agogo amaona dzina lawo litalembedwa pa chiphaso, pamene dzina loitanira mwana tsiku ndi tsiku limakhala la makolo ake. Njira yachitatu imayenda bwino pamene agogo ali omasuka, koma kumene mwambo uli wolimba akuluakulu ena amaimva ngati kuwapatsa malire.

Chenjezo: musalonjeze wachibale aliyense kuti adzatcha dzina mnzanu asanamve. Mawu oti "Mayi, mwanayu mudzatche ndinu," onenedwa mwachisangalalo pa foni, ndi ovuta kuwabweza. Ngati pafunika kukambirana ndi makolo, bambo alankhule ndi akwawo, mayi alankhule ndi akwawo, ndipo zikavuta ankhoswe alipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

2. Gwirizanani mfundo zoyendetsera ntchitoyi

Musanatchule dzina ndi limodzi lomwe, lembani m'kope mayankho a mafunso ochepa. Mwana adzakhala ndi mayina angati? Dzina loyamba lidzakhala la chilankhulo chiti? Kodi mpingo kapena chipembedzo chanu chimafuna dzina lake, monga la woyera mtima pa ubatizo? Nanga dzina lotsiriza lidzakhala liti, popeza ena amagwiritsa ntchito dzina la mfunda monga Phiri, Banda kapena Mbewe, pamene ena amatenga dzina loyamba la bambo kapena la agogo n'kulisandutsa la banja?

Onjezanipo mfundo ina yofunika kwambiri: aliyense akhale ndi ufulu wokana dzina lililonse popanda kufotokoza chifukwa. Munthu amatha kudana ndi dzina chifukwa linali la mphunzitsi amene ankamukwapula, la mnzake amene anamuchita zoipa, kapena la chibwenzi chakale, ndipo kumuumiriza kuti afotokoze kumangobweretsa nkhani zimene sizikukhudzana ndi mwanayo.

3. Sankhani chida choyenera banja lanu

Mapulogalamu a pafoni monga Kinder ndi BabyName amagwira ntchito mofanana. Nonse awiri mumatsitsa pulogalamuyo ndi kulumikiza mafoni anu motsata malangizo ake. Kenako mayina amabwera limodzilimodzi, ndipo mumakokera chala kumanja ngati dzinalo mwalikonda, kumanzere ngati simunalikonde. Dzina limene nonse awiri mwalikokera kumanja ndi limene limalowa pa mndandanda wa mayina ogwirizana. Ubwino wake ndi woti palibe amene amaima pamaso pa mnzake n'kunena kuti "dzina lako ndi loipa". Zokanidwazo zimangosowa mwakachetechete, ndipo mwamuna wolankhula kwambiri kapena mkazi wosachedwa kupsa mtima sapeza mpata wopondereza mnzake.

Kuipa kwake n'koti mayina ambiri m'mapulogalamu otere ndi a ku Ulaya ndi ku America. Mudzakumana ndi Olivia, Amelia, Liam ndi Noah, koma mukhoza kukokera chala madzulo onse osaona Tadala, Limbikani kapena Chiyembekezo. Choncho mapulogalamuwa amathandiza kwambiri pamene mukufuna dzina lachingerezi, kapena pamene mukukhala kunja ndipo mukufuna kudziwa mayina amene ali ofala kumeneko. Ngati mwasankha kugwiritsa ntchito pulogalamu, yang'anani ngati imalola kuwonjezera mayina anuanu, ndipo werengani bwino musanadine chilichonse, chifukwa magulu ena a mayina ndi olipira.

Chenjezo: mapulogalamu ambiri a amayi oyembekezera amafunsa tsiku limene mukuyembekezera kuchira, imelo ndi zina zotero, ndiponso amatumiza mauthenga amene amaonekera pamwamba pa foni. Ngati nkhani ya mimbayo simunaiulule kwa abale ndi a kuntchito, zimitsani mauthengawo, ndipo musapereke zambiri kuposa zimene zikufunika kuti pulogalamuyo igwire ntchito.

Kwa banja limene likufuna dzina la Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilhomwe, Chisena kapena Chitonga, pepala ndi cholembera zimaposa foni, malinga mutsate njira yomweyo yoti aliyense asankhe payekha mosaonetsana. Pepala silifuna bandulo, silizima magetsi akathima, ndipo mayina ake mumawabweretsa nokha. Ndondomeko zotsatirazi zalembedwa poganizira pepala, koma zimagwiranso ntchito pa foni.

Amene mwatalikirana, mwachitsanzo bambo ali ku Johannesburg pamene mayi ali ku Mangochi, tsegulani tsamba limodzi la Google Sheets kapena Google Keep loti nonse muzilembamo, lokhala ndi malo a dzina, chilankhulo chake ndi tanthauzo lake. Ngati zimenezo zikuvuta, gulu la WhatsApp la anthu awiri okha likukwana, chifukwa limapatula nkhani ya dzina kuti isasokonekere pakati pa mauthenga a ndalama za nyumba ndi zina.

4. Aliyense alembe mayina ake payekha

Patsanani sabata imodzi. Aliyense alembe mayina pafupifupi 20 pa pepala lake, osamuonetsa mnzake ndiponso osamufunsa maganizo. Musadzikakamize kutsiriza tsiku limodzi. Mayina abwino amabwera munthu ali pa mzere kusikelo, akumvera nyimbo kutchalitchi, kapena akukumbuka munthu amene anamuchitira zabwino.

Lembani mayina a mwana wamwamuna ndi a mwana wamkazi omwe, ngakhale mutajambulitsa sikani, popeza zimachitika kuti mwana wagona moti saoneka bwino, ndipo nthawi zina zimene zinanenedwa sizikhala zimene zabadwa. Pamenepa chilankhulo chathu chimatipeputsira ntchito, chifukwa mayina ambiri monga Chisomo, Mphatso, Chikondi, Takondwa, Thokozani, Madalitso ndi Chimwemwe amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe.

5. Phatikizani mayinawo ndi kuwapeta

Sabata ikatha, mmodzi wa inu alembe mayina onse a mapepala awiri aja pa mndandanda umodzi, mosakaniza, ndipo aukopere pa pepala lachiwiri kuti aliyense akhale ndi lake. Kenako khalani motalikirana pang'ono, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani chilembo chimodzi: E ngati mukuti eya, M ngati mukuti mwina, A ngati mukuti ayi. Musalankhulane mpaka nonse mutatsiriza. Amene muli kutali ndi mnzanu, lembani zilembozo pa pepala lanu osati pa tsamba lija la pa intaneti, ndipo gwirizanani nthawi yoti mutumizirane zithunzi za mapepalawo pakamodzi, kuti wina asayambe waona za mnzake.

Tsopano yerekezani. Dzina lililonse limene lalandira A kwa mmodzi wa inu lichoke, osakambirana. Mayina amene alandira E mbali zonse ziwiri alembedwe pamwamba m'kope, ndipo amene ali ndi E ndi M alembedwe pansi pake. Amene ali ndi M mbali zonse mukhoza kuwataya, chifukwa dzina limene palibe amene walikonda kwenikweni silipindulitsa, ngakhale kuti palibenso amene wadana nalo. Ntchitoyi ili ngati kupeta mphale m'lichero: mumabwereza kangapo, ndipo ulendo uliwonse gaga amachepa. Cholinga chanu n'choti mutsale ndi mayina asanu kapena ocheperapo.

Zimachitika kuti palibe dzina ndi limodzi lomwe lalandira E kawiri. Musakhumudwe ndipo musayambe kunenana. Yang'anani mayina amene aliyense wawakonda ndi kufufuza chimene chikuwagwirizanitsa. Mwina mayi akonda Tamanda ndi Tiyamike pamene bambo akonda Yamikani ndi Mayamiko. Pamenepo nonse mukufuna dzina lothokoza, kungoti simunapezane pa mawu ake. Mwina wina akufuna dzina lalifupi, wina akufuna la m'Baibulo, ndipo dzina ngati Rute kapena Yona lingakwanitse zonse ziwiri. Bwerezaninso ndondomeko yachinayi ndi mayina khumi okha, mukutsata chimene mwapezacho.

Chenjezo: musachite zosinthana, zoti "ndivomera lako ngati mwana wotsatira ndidzatche ndine." Palibe amene amadziwa za mwana wotsatira, ndipo mgwirizano wotere umasiya mmodzi akuitana tsiku ndi tsiku dzina limene sanalifune.

6. Fufuzani tanthauzo la dzina lililonse lotsala

Mayina athu amalankhula poyera, ndipo aliyense womva Chichewa amadziwa zimene akunena mwana akangodzitchula. Makolo akale anali ndi zifukwa zawo potcha mayina monga Mavuto, Misozi, Mwandida, Malizani kapena Nyamazawo: ena anali ataika ana angapo m'manda, ena ankayankha adani awo kudzera m'dzinalo, ndipo sitiyenera kuwaseka. Komabe amene amanyamula dzinalo kusukulu, kuntchito ndi pa ukwati wake ndi mwanayo, amene sanaone nawo mavutowo. Ngati mwana akubadwa pambuyo pa maliro, matenda kapena zaka zambiri zodikira ndipo mukufuna kuti dzina lisunge mbiriyo, alipo mayina amene amaisunga popanda kumusenzetsa mwana katundu: Chitonthozo, Chikumbutso, Pilirani, Limbani, Chiyembekezo, Talandira, Alinafe.

Mayina achilendo amafuna kufufuza kwa mitundu iwiri. Choyamba, pezani tanthauzo lake kwawo kumene anachokera, ndipo tsamba la Behind the Name limathandiza pamenepa. Chachiwiri, limene anthu ambiri amaliiwala, mverani mmene dzinalo likumvekera m'makutu a munthu wa kumudzi kwanu. Lila ndi dzina lokongola pa foni, koma agogo adzamva "lira". Dana adzamva ngati akuuza anthu kuti adane. Ndipo Bella sali kutali ndi "bera". Sikuti mayinawa ndi oletsedwa, koma ndi bwino muwasankhe mukudziwa zimene ana anzake adzanene pa bwalo la sukulu.

Dzina la m'Baibulo musalitenge chifukwa cha kukoma kwake kokha. Werengani nkhani ya mwini wake. Yabezi anatchedwa choncho chifukwa amake anamubereka ndi zowawa, Ikabodi limanena za kuchoka kwa ulemerero, Nabala limatanthauza chitsiru, ndipo mbiri ya Delila ndi Yezebeli aliyense wopita kutchalitchi amaidziwa. Mayina a zilankhulo zina za m'dziko muno, monga Upile ndi Atupele a Chiyao kapena Tawonga, Lusungu ndi Vitumbiko a Chitumbuka, funsani munthu wamkulu wolankhula chilankhulocho kuti akuuzeni tanthauzo, katchulidwe ndi kalembedwe kake.

Chenjezo: mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT angakupatseni mayina ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo ndi othandiza pamene maganizo auma, koma amatha kupeka dzina looneka ngati la Chichewa limene kulibe, kapena kupereka tanthauzo lolakwika molimba mtima. Chilichonse chimene mwapeza kumeneko chitsimikizeni ndi mtanthauziramawu kapena munthu.

7. Liyeseni dzinalo pakamwa

Dzina lokongola papepala likhoza kukhala lolemera pakamwa. Tengani dzina limodzilimodzi mwa amene atsala ndi kuliyesa motere. Litchuleni mokweza ngati mukuitana mwana amene akusewera kutali. Litchuleni pamodzi ndi dzina lapakati ndi la banja, monga mmene mphunzitsi angawerengere m'kalasi, ndipo mumve ngati mawu sakugundana. Kenako lifupikitseni, chifukwa anthu adzalifupikitsa mufune musafune: Thokozani adzakhala Thoko, Madalitso adzakhala Mada, Chikondi adzakhala Chiko, ndipo Chifundo, dzina labwino ndithu, anzake sachedwa kumutcha Chifu.

Ngati ndi mwana woyamba, kumbukirani kuti dzinali lidzakhalanso lanu. Anthu a m'dera lanu, a kutchalitchi ndi apongozi omwe adzasiya dzina lanu n'kumakuitanani kuti amake a Tadala kapena bambo a Tadala kwa moyo wanu wonse. Ziyeseni zimenezi mokweza, aliyense amve mmene adzaitanidwire.

Palinso nkhani ya kutcha mwana dzina la agogo ake. Ndi ulemu waukulu, koma m'mabanja amene mpongozi saloledwa kutchula dzina la apongozi ake, mayi amapezeka kuti sangathe kuitana mwana wake yemwe ndi dzina lake, ndipo mwanayo amakula akudziwika ndi dzina lina longopeka. Ngati kwanu mwambowu ulipo, dzina la agogo liikeni pakati.

Amene mukukhala ku Britain, South Africa kapena kwina, jambulani mawu pa WhatsApp mukutchula dzinalo ndi kuwatumiza kwa m'bale wodalirika wa kumudzi kuti mumve mmene adzalitchulire, ndiponso lilembeni papepala n'kumupatsa mnzanu wa kumeneko kuti aliwerenge. Olankhula Chingerezi amawerenga "ph" ngati "f", motero Mphatso amasanduka Mfatso, ndipo mayina oyamba ndi "th" kapena "ng'" amawapotoza. Ichi si chifukwa chotayira dzina la kwanu. Ana a mitundu ina amasunga mayina awo ndipo aphunzitsi amaphunzira kuwatchula. Kungoti mukhale mukudziwa kuti mwanayo adzakhala akukonza anthu, ndipo muone ngati chidule cha dzinalo chingamuthandize.

Mukatsala ndi mayina awiri kapena atatu, ligwiritseni ntchito lililonse kwa masiku angapo m'nyumba mwanu, pakati pa awirinu. Dzina limene mwayamba kulitchula osaganizira ndi limene likupambana.

8. Pitani nalo kwa akuluakulu

Tsatani njira imene munagwirizana pa ndondomeko yoyamba. Pitani nokha kapena imbani foni. Musatumize uthenga wolemba. Mawu ake akhale opereka ulemu, monga akuti, "Amayi, ife tinaganizako mayina awa, koma tafuna kuti muyambe mwamva inu ndi kutiunikira." Akuluakulu amadziwa zinthu zimene pulogalamu iliyonse singadziwe: kuti dzina lakutilakuti linali la mwana amene anamwalira ali wakhanda m'banjamo, kapena kuti ndi la munthu amene banja linakangana naye pa nkhani ya munda. Ngati kwanu salola kukamba za dzina mwana asanabadwe, sungani mayinawo m'kope mpaka nthawi yake itakwana, koma awirinu mukhale mutagwirizana kale.

Chenjezo: WhatsApp ili ndi njira yoponyera voti m'gulu, imene imalola mayankho okwana 12, ndipo ena amakopeka kuiika m'gulu la banja lonse. Musatero. Aliyense m'gululo amatha kuona amene wavotera dzina lililonse, choncho voti imasanduka mpikisano wa akuchimuna ndi akuchikazi, ndipo azakhali amene dzina lawo lagonja amakhala ndi umboni wa amene sanawavotere. Ngati mukufuna maganizo a ena, funsani anthu awiri kapena atatu paokhapaokha.

9. Khazikitsani kalembedwe ndi kulembetsa

Mayina ambiri amalembedwa mosiyanasiyana: Pilirani ndi Pirirani, Mwayi ndi Mwai, Tawonga ndi Taonga, Mavuto ndi Mabvuto. Sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo lembani mayina onse ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala, mu dongosolo lake: loyamba, lapakati, la banja. Konzani timapepala tiwiri, kena ka mwana wamwamuna kena ka wamkazi ngati mayinawo ndi osiyana. Ikani timapepalato m'chikwama chopita nacho kuchipatala, pamodzi ndi buku la kusikelo, ndipo jambulani chithunzi chake kuti chikhale m'mafoni a nonse awiri ndi a amene adzadikirire mayi.

Ku Malawi lamulo la National Registration Act la 2010 limafuna kuti kubadwa kwa mwana kulembetsedwe pasanathe masabata 6, ndipo ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la National Registration Bureau, limene ambiri amangoti NRB. Mwana akabadwira kuchipatala, fomu imadzazidwa komweko. Perekani kapepala kaja kwa wolembayo m'malo momutchulira pakamwa, ndipo werengani fomuyo chilembo ndi chilembo musanasainire. Ngati mwambo wa kwanu ukufuna kuti dzina lidikire mpaka mwana atatuluka m'chikuta, auzeni a chipatala ndi kufunsa mmene mungadzatsirizire kulembetsako, m'malo mopereka dzina longoyembekezera. Ku South Africa nthawi yolembetsera ndi masiku 30, ku England, Wales ndi Northern Ireland ndi masiku 42, pamene ku Scotland ndi masiku 21 okha.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kupatsa mwana mayina osiyana m'mabuku osiyana: lina pa chiphaso cha kubadwa, lina pa khadi la ubatizo, lina m'kaundula wa sukulu chifukwa amene anakamulembetsa ndi agogo. Mwana ali wamng'ono palibe amene amaona vuto. Limadzaonekera pa satifiketi ya MANEB, pa chiphaso cha unzika akakwanitsa zaka 16, ndi pofuna pasipoti, pamene mayina sakugwirizana ndipo pafunika maulendo a ku maofesi ndi umboni kuti akonzedwe. Dzina la kunyumba likhoza kukhalapo, koma m'mabuku onse mulowe dzina limodzi, lolembedwa mofanana.

China ndi kuulula dzina kwa anthu ambiri mwana asanabadwe. Aliyense amene wamva amakhala ndi ndemanga, ndipo ndemanga imodzi ya mlamu, yoti "ndinkadziwa munthu wina wa dzina limeneli, anali wakuba," imatha kuwononga dzina limene munalifufuza mwezi wathunthu. Mwana akabadwa n'kutchedwa, anthu omwewo amangoti ndi dzina labwino.

Ena amatengeka ndi dzina la wosewera mpira, woimba kapena wa ndale amene watchuka chaka chimenecho. Munthu wamoyo mbiri yake sinathe kulembedwa, ndipo amene akuyamikiridwa lero akhoza kunyozedwa mwana wanu asanayambe Sitandade 1. Ngati mukulikonda dzinalo palokha, litengeni. Ngati mukulikonda chifukwa cha mwini wake yekha, liikeni pakati.

Kusintha kalembedwe n'cholinga choti dzina lioneke lachilendo, monga kuwonjezera zilembo zosafunika, kumangopatsa mwana ntchito yotchulira anthu chilembo chimodzichimodzi pa kauntala iliyonse.

Palinso kuiwala kuyang'ana mayina a ana a abale. Msuweni wobadwa chaka chatha akhoza kukhala ndi dzina lomwelo ndi mfunda womwewo, ndipo ana awiri otchedwa Chisomo Banda m'mudzi umodzi, m'kalasi imodzi, amasokoneza aphunzitsi ndi a chipatala omwe. N'chifukwa chake mndandanda wa mayina a m'banja uli pakati pa zinthu zofunika musanayambe.

Chotsiriza ndi kusiyira munthu mmodzi ntchito yonse. Bambo amene amati "sankha iweyo, ine chilichonse ndivomera" nthawi zambiri ndi yemweyo amene amadzakana dzinalo mayi ali pa bedi la kuchipatala, kapena amadzabwera ndi lina lochokera kwa amayi ake. Ngati amuna anu kapena akazi anu akuti alibe maganizo, apatsenibe pepala lija la E, M ndi A, ndipo musapitirire ku ndondomeko yotsatira mpaka atalidzaza ndi dzanja lawo.